Kodi Phazi Limathera Pati?

M'chaka cha 2008 oweruza a bwalo la apilo mumzinda wa Austin, m'chigawo cha Texas ku America, adakhala pansi kuti ayankhe funso limene ngakhale mwana wa Sitandade 1 angathe kuliseka: kodi phazi la munthu limathera pati? Komatu mlanduwo sudali wamaseŵera ai. M'chaka cha 2001 bungwe lopereka ziphaso kwa madokotala a mapazi m'chigawocho lidalemba lamulo lonena kuti phazi limayambira kuzala ndi kukalekeza pamene mafupa aŵiri a msongolo amalumikizana ndi fupa la pakakolo, kuphatikizapo minofu ndi mitsempha imene imayendetsa malowo. Madokotala a mafupa atamva zimenezi mitima yawo sidakhale m'malo. Iwo pamodzi ndi bungwe la madokotala onse a ku Texas adakamang'ala kukhoti, nati kakolo si phazi, ndipo kuti anzawowo adachita kusuntha malire a munda usiku anthu ali m'tulo. Bwalo loyamba lidakomera a mapazi, koma la apilo lidatembenuza chigamulocho ponena kuti bungwe lija lidalumpha mphamvu zimene Nyumba ya Malamulo idalipatsa.

Munthu womva nkhaniyi ali kuno angapukuse mutu n'kunena kuti ameneŵa ndi mavuto a anthu okhuta. Koma asafulumire. Pamene pakokedwa mzere pamwendo wa munthu ndi pamenenso palekezera chiphaso, ndipo chiphaso ndicho chimanena amene ali ndi ufulu wogwira mpeni ndi kucheka thupi la mnzake popanda kuimbidwa mlandu. Nkhani ya chiphaso cha dokotala wa mapazi ili ndi mafunso aŵiri amene dziko lililonse, lolemera ngakhale losauka, liyenera kuyankha: kodi munthuyo aphunzire zotani asanaloledwe kukhudza wodwala, nanga akaloledwa alekezere pati? Maiko amene adayamba kale kulimbana ndi mafunsoŵa adaŵayankha mosiyanasiyana, ndipo m'mayankho awo muli nzeru zoti n'kutola ndi zolakwa zoti n'kuzilambalala.

Anthu ambiri amalipeputsa phazi poti lili kutali ndi maso ndiponso limakhalira m'fumbi. Chikhalirecho phazi limodzi lili ndi mafupa 26 ndi mfundo 33, kotero kuti mapazi aŵiri pamodzi ali ndi mafupa 52 mwa mafupa 206 a munthu wamkulu, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo anai. Magazi ochokera kumtima amayenda ulendo wautali kuti akafike kumeneko, ndipo mitsempha yomvera imene imathera kuzala za kumapazi ndiyo yaitali kopambana m'thupi lonse. N'chifukwa chake matenda ena a m'kati, monga shuga ndi kutsekeka kwa njira za magazi, kaŵirikaŵiri amayamba kudziulula kuphazi mwini wake akadali kudzimva wamphamvu. Wogwira phazi la mnzake wagwira kalata yochokera m'thupi lonse, ndipo funso ndi lakuti kodi amatha kuiŵerenga.

Ntchito yosamala mapazi idayamba monyozeka ndithu. Zaka mazana aŵiri kapena atatu zapitazo m'miseu ya London ndi Paris munkayenda anthu odula zikundu ndi kuŵenga zikhadabo, atanyamula timipeni tawo m'thumba, ndipo ulemu wawo sunkasiyana ndi wa ozula mano pamsika. Ena mwa iwo adali aluso kwambiri mwakuti adafika mpaka kunyumba za mafumu. Lewis Durlacher adasamala mapazi a Mfumu George IV, Mfumu William IV ndi Mfumukazi Victoria. Ku America, Isachar Zacharie adathandiza mapazi a Pulezidenti Abraham Lincoln m'chaka cha 1862, nkhondo yapachiweniweni ili m'kati, ndipo Lincoln adamlembera kalata yochitira umboni luso lake. Makalata otere ndiwo adali chiphaso cha masiku amenewo. Wodziŵa ntchito ndi wonyenga onse ankayenda ndi mapepala a umboni, ndipo wodwala ankazindikira kusiyana kwawo chala chitatupa kale.

Kusintha kudayambira ku New York. M'chaka cha 1895 odula zikundu a kumeneko adapanga bungwe lawo, ndipo chaka chomwecho padakhazikitsidwa lamulo loyamba lolongosola za ntchitoyi. Sukulu yoyamba idatsegulidwa mumzinda womwewo m'chaka cha 1911, mkulu wake woyamba n'kudzakhala Maurice Lewi, amene adali dokotala wa thupi lonse, ndipo chaka chotsatira kudabadwa bungwe la dziko lonse. Dzina lakale lakuti chiropodist lidayamba kusiyidwa m'zaka za m'ma 1950, m'malo mwake n'kumati podiatrist. M'chaka cha 1967 boma lidavomera kuti pa za malipiro a thumba la Medicare, limene limalipirira chithandizo cha okalamba, anthu ameneŵa aziŵerengedwa ngati madokotala pa ntchito zimene chiphaso chawo chimaloleza. Chofunika kuona m'mbiri imeneyi n'chakuti eni ntchito okha ndiwo adapempha goli la malamulo. Adadziŵa kuti popanda mpanda, waluso ndi wabodza adzadyera m'mbale imodzi mpaka kalekale.

Lero wofuna chiphaso chimenechi ku America ali ndi phiri loti akwere. Akachoka kusekondale amayamba watenga digiri yoyamba, imene kaŵirikaŵiri imatenga zaka zinai, ndipo m'menemo muyenera kukhala bayoloje, kemisitiri ndi fizikisi. Kenaka amalemba mayeso a MCAT, omwewo amene amalemba ofuna udokotala wa thupi lonse. Akakhoza amaloŵa sukulu ya udokotala wa mapazi, ndipo sukulu zotere m'dziko lonse lalikululo n'zongopitirira pang'ono khumi. Zaka ziŵiri zoyamba amaphunzira thupi lonse kuyambira kumutu: kapangidwe kake, kagwiridwe ntchito ka ziŵalo, matenda, tizilombo ndi mankhwala. Zaka ziŵiri zotsatira amathera nthaŵi yambiri m'zipatala. Pamapeto pake amalandira digiri yotchedwa Doctor of Podiatric Medicine, mwachidule DPM. Komabe apo ulendo sunathe. Pali mayeso a dziko lonse otchedwa APMLE, amene ali m'zigawo zitatu, ndiponso zaka zitatu zogwira ntchito m'chipatala moyang'aniridwa ndi akuluakulu, kuphunzira opaleshoni, kusamala odwala ogonekedwa ndi kuthandiza anthu a ngozi. Kuphatikiza zonse, zaka zimakwana 11 chichokereni kusekondale.

Atatha zonsezi, chiphaso sakachitenga kuboma lalikulu ku Washington ai, koma kuchigawo chimene akufuna kukagwirako ntchito, ndipo chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake ndi zofuna zake. Wopempha amapereka umboni wakuti sukulu yake ndi yovomerezeka, ndipo zotsatira za mayeso zimachokera kwa oyesa mwachindunji osadzera m'manja mwake. Amaulula ngati adaimbidwapo mlandu, ngati adalandidwapo chiphaso kwina, kapena ngati wodwala wina adamsumirapo. M'zigawo zambiri amadinditsa zala kuti mbiri yake ifufuzidwe, ndipo zina, monga Texas, zimamlembetsanso mayeso a malamulo a chigawocho. California imafuna kuti akhale atatha zaka ziŵiri za m'chipatala zija asanapatsidwe chiphaso chathunthu, pamene zigawo zina zimakhutira ndi chaka chimodzi. Ndipo chiphasocho si chamuyaya. Amachikonzanso pakapita nthaŵi yoikika, ataonetsa kuti wakhala akuonjezera maphunziro.

Zambiri mwa zimenezi n'zanzeru, ndipo amene angati n'kungovutitsa ana a eni sadaonepo chilonda cha shuga chitaloŵa m'fupa. Chanzeru kopambana ndi chija chomkakamiza wophunzira kuyamba wadziŵa thupi lonse asanatsikire kuphazi. Munthu wongodziŵa phazi lokha ndi woopsa, pakuti adzatsuka chilonda mwaluso miyezi itatu osazindikira kuti chikukanika kupola chifukwa magazi safikako, kapena kuti kutupa kwa mapazi onse aŵiri kukunena za mtima kapena impso. Nawonso mwambo wakuti zikalata zizichokera kusukulu ndi kwa oyesa osadzera m'thumba la wopempha ndi woyenera kutengera, poti masiku ano pepala lodinda bwino aliyense wokhala ndi kompyuta angathe kulipanga madzulo amodzi.

Komabe pali pamene nzeruyo idathera panjira. Achinyamata aŵiri angathe kukhala pabenchi limodzi zaka zinai, kukhoza mayeso amodzimodzi ndi kuphunzira opaleshoni m'chipatala chimodzi; koma wina akapita kuchigawo ichi amaloledwa kukonza kakolo wothyoka, pamene mnzake kuchigawo icho akayesa zomwezo waphwanya lamulo. Ku New York komwe kudayambira ntchitoyi, madokotala a mapazi adadikira mpaka lamulo la chaka cha 2012, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2014, kuti aloledwe kuchita opaleshoni ya kakolo, ndipo ngakhale pamenepo ndi okhawo otenga chilolezo china chapadera. Kodi kakolo wa munthu wa ku New York adasintha kapangidwe m'chaka cha 2014? Iyai. Chimene chidasintha ndi mphamvu za magulu okokana m'Nyumba ya Malamulo. Mbali zonse ziŵiri zimalumbira kuti zikuteteza wodwala, ndipo mwina pang'ono zimanena zoona. Koma opaleshoni ya kakolo ili ndi mtengo wake, ndipo pamene pagwa ndalama mau akuti chitetezo savuta kutuluka m'kamwa. Malire adayenera kutsata zimene munthu adaphunzira ndi kuyesedwa, osati mzere wa pamapu.

Mkangano wina ndi wa dzina. Kodi wa mapazi ndi dokotala weniweni? M'chaka cha 2021 mabungwe anai, aŵiri a madokotala a mafupa ndi aŵiri a madokotala a mapazi, adagwirizana zopempha kuti a mapazi aziloledwa kulemba mayeso a USMLE, amene amalemba madokotala a thupi lonse, kuti nkhani ithe. Eni mayesowo sadatsegule chitseko. Apa madokotala a thupi lonse ali ndi mfundo imene siyenera kunyozedwa: munthu amene maphunziro ake a m'chipatala adapendekera kumwendo sayenera kupatsidwa chiphaso chochiza chilichonse, kuyambira malungo a mwana mpaka uchembere. Koma mfundoyo ikunena za kukula kwa munda, osati za ulemu wa mlimi. Wodwala amene chala chake chayamba kuda alibe nthaŵi yofunsa zilembo zimene zili kumapeto kwa dzina la womthandiza. Chimene afuna kudziŵa n'chakuti munthuyo adayesedwa pa ntchito imeneyi, ndiponso kuti akalakwitsa pali kokadandaula.

Britain idadzera njira yaifupi. Kumeneko munthu angathe kuloŵa maphunziro a mapazi akangochoka kusekondale, ndipo digiri yake kaŵirikaŵiri imatenga zaka zitatu, ku Scotland zinai. Digiriyo siimpatsa dzina la udokotala. Lamulo la chaka cha 1960 lidakhazikitsa kaundula wa boma, ndipo wofuna ntchito m'zipatala za boma ankayenera kukhalamo. Koma lamulolo lidasiya mpata waukulu, pakuti aliyense ankatha kupachika chikwangwani chakuti chiropodist pakhomo pake malinga asanene kuti ndi wolembedwa ndi boma. Mpatawo udatsekedwa patapita zaka zoposa makumi anai, pamene kaundula watsopano adatsegulidwa mu 2003 ndipo maina aŵiri aja, chiropodist ndi podiatrist, adakhala otetezedwa, kotero kuti wodzitcha motero asanalembedwe amapalamula mlandu. Amene adali kale pantchito popanda digiri adapatsidwa zaka ziŵiri, mpaka 2005, kuti aonetse luso lawo ndi kuloŵa m'kaundula, ndipo chimenechi chidali chilungamo ndithu. Bungwe losunga kaundulayo lero limatchedwa Health and Care Professions Council. Mphamvu zimaonjezedwa pang'onopang'ono monga mwa maphunziro: wina amalembedwa kuti angathe kubaya mankhwala ochititsa dzanzi, ndipo kuyambira 2013 amene achita maphunziro apadera amaloledwa kulembera odwala mankhwala paokha.

Komatu nawonso a ku Britain adatchinga kukhomo kokha, kuseri kwa mpanda n'kusiya chibowo. Lamulo lidateteza dzina, osati ntchito. Munthu wochita kosi yaifupi angathe kudzitcha dzina lina, monga foot health practitioner, n'kumadula zikundu ndi zikhadabo popanda lamulo lomkakamiza kukhala m'kaundula wa boma. Agogo ofooka maso poŵerenga chikwangwani sangasiyanitse maina ameneŵa. Ku South Africa nako, kumene kuli Amalaŵi ochuluka, maphunziroŵa amaperekedwa pa University of Johannesburg pokha, kwa zaka zinai, ndipo womaliza amalembetsa ku Health Professions Council of South Africa asanayambe ntchito. Sukulu imodzi m'dziko la anthu oposa 60 miliyoni, ndipo limeneli ndilo dziko lopeza bwino m'chigawo chino cha Africa.

Tsono nkhaniyi yafika pakhomo. Kafukufuku wa m'chaka cha 2009, amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi World Health Organization, adapeza kuti mwa Amalaŵi 100 alionse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 adali ndi matenda a shuga. Shuga akakhalitsa m'thupi amapha mitsempha yomvera kuyambira kuzala za kumapazi, nachepetsanso magazi ofika kumeneko. Mlimi wotere amaponda munga kumunda osamva kanthu, amayenda tsiku lonse ndi kamwala m'nsapato, kapena amaotha moto m'mwezi wa Juni mpaka khungu kupsa iye akucheza. Kachilonda kamayamba ngati njere ya mapira. Poti sikaŵaŵa, sakasamala. Poti sakasamala, amangokapondabe. Ndipo pokafika kuchipatala chachikulu fungo limakhala litatsogola kale. Akatswiri a matendaŵa amati mwa miyendo khumi iliyonse imene imadulidwa chifukwa cha shuga, yoposa isanu ndi itatu idayamba ndi chilonda cha paphazi. Mwendo wa mlimi ukapita, khasu lagona, njinga yaima, ndipo mwana wa Fomu 2 amabwerera kunyumba kaamba ka fizi.

Zimenezi si zachilendo m'dziko lino, pakuti khate lidaphunzitsa kale phunziro lomweli. Dokotala Paul Brand, amene adagwira ntchito ku Vellore ku India kuyambira 1946, ndiye adaonetsa kuti zala za akhate sizimangoyoyoka zokha monga ankakhulupirira anthu, koma zimatha pang'onopang'ono chifukwa cha mabala amene mwini wake saŵamva. Mankhwala ake adali nsapato zofeŵa, kupumitsa phazi m'chikhakha, ndi kuliyang'ana tsiku ndi tsiku. Atasamukira ku Carville ku America mu 1966, nzeru yomweyo idayamba kupulumutsa mapazi a odwala shuga. M'chaka cha 1994 khate m'Malaŵi muno lidatsika kufika poti silinkaŵerengedwanso ngati vuto lalikulu la dziko, ngakhale kuti odwala atsopano akupezekabe. Luso losamala mapazi osamva ululu, limene lidakulira m'malo monga Utale ndi Mua ndi m'ntchito ya bungwe la LEPRA, n'lofunika kulisamutsira kwa odwala shuga lisanapite kumanda pamodzi ndi eni ake.

Nanga amene amagwira mapazi a anthu ambiri kumudzi ndi m'tauni ndani? Ndi mdzukulu wokhala ndi lumo ndi phini, amene adaphunzira kuzula matekenya kwa agogo ake. Ndi mtsikana wa pasaluni wopala zikang'a. Ndi sing'anga wotema mphini pamwendo wotupa. Matekenyawo, poti nkhani yaŵatchula, nawo ndi alendo: adachokera ku South America n'kutsikira pagombe la Angola m'zaka za m'ma 1870, ndipo luso loŵazula makolo adachita kuliphunzira okha popanda sukulu. Paphazi la munthu wabwinobwino ambiri mwa anthu ameneŵa salakwitsa kanthu, ndipo lamulo loti liziŵathamangitsa lingakhale lopusa ndi losatheka. Koma lumo lomwelo paphazi la wodwala shuga ndi chiyambi cha maliro a mwendo. Motero mpanda uyenera kuzungulira pamene pali ngozi pokha: kucheka mnofu wamoyo, kupala chilonda, kubaya mankhwala a dzanzi, kuchotsa chikhadabo, kugwira fupa, ndi kukhudza ndi mpeni phazi lililonse losamva.

Kodi Malaŵi atengere America, kuti aliyense wofuna ntchito zimenezi ayambe wakhala pasukulu zaka 11? Kutero kungakhale kumanga nkhokwe yaikulu chaka cha njala. Dziko lino lili kale ndi yankho lake, ndipo lidalipeza pa mafupa. M'chaka cha 1985 dokotala Ed Blair adayambitsa ku Blantyre maphunziro a miyezi 18 osula madokotala aang'ono a mafupa, otchedwa orthopaedic clinical officer, posankha anthu amene adali kale ndi maphunziro a zachipatala ndiponso adagwirapo ntchito. Nthaŵi imeneyo sukulu ya udokotala idali isanakhalepo, poti College of Medicine idatsegulidwa mu 1991. Anthu ameneŵa ndiwo akhala akuongola ndi kumanga mafupa othyoka m'zipatala za m'maboma. Ndipo pa phazi penipeni umboni ulipo. Pa dziko lonse mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 1,000 amabadwa ndi phazi lopindikira m'kati. Njira ya Ignacio Ponseti wa pa University of Iowa, youmba phazi pang'onopang'ono ndi manja n'kuliika m'chikhakha chosinthidwa mlungu ndi mlungu, kenaka kudula pang'ono mtsempha wa kuchidendene ndi kuveka mwana nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo, idayesedwa ku Blantyre m'manja mwa madokotala aang'ono omweŵa, ndipo zotsatira zimene zidasindikizidwa mu 2005 zidaonetsa kuti ntchitoyo adaitha. Ana amene akadakula akupondera m'mbali mwa phazi adayamba kuyenda monga anzawo. Ku Tanzania nako, ntchito yotchedwa Step by Step, imene idayamba m'zaka za 2003 ndi 2004 motsogozedwa ndi dokotala Zulfiqarali Abbas wa ku Dar es Salaam, idaphunzitsa madokotala ndi anamwino kwa masiku oŵerengeka kupima ndi kusamala mapazi a odwala shuga, ndipo chiŵerengero cha odulidwa miyendo chidatsika.

Mabungwe oyendetsa zimenezi alipo kale. Medical Council of Malawi, imene idakhazikitsidwa ndi lamulo la chaka cha 1987, imasunga kaundula wa madokotala, a mano ndi ena ogwira ntchito zachipatala, ndipo anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lawo. Chofunika ndi chiphaso cha makwerero, cholembedwa momveka kuti ngakhale wodwala achimve. Pa khwerero loyamba pakhale namwino kapena wothandiza dokotala wa pachipatala chaching'ono, amene wayesedwa pamaso pa oyesa, osati papepala pokha, kuti amatha kupima dzanzi ndi kaulusi ka magalamu 10, kumva kugunda kwa magazi pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa kakolo, kuŵenga chikhadabo chokhuthala osatulutsa magazi, ndi kuzindikira chilonda chimene chiyenera kutumizidwa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Chomalizachi ndicho chachikulu. Wosadziŵa polekezera asakhoze, ngakhale manja ake akhale aluso chotani. Pamwamba pake pakhale wa maphunziro a chaka chimodzi kapena ziŵiri, wololedwa kupala zilonda, kumanga chikhakha ndi kuchotsa chikhadabo. Opaleshoni ya mafupa ikhale ya amene adaphunzira opaleshoni ndipo angathe kuonetsa buku la odwala amene adaŵachita moyang'aniridwa, kaya kumapeto kwa dzina lake kuli DPM, kaya ndi dokotala wa mafupa. Malire alembedwe potchula ntchito, osati potchula chiŵalo, pakuti lamulo longoti phazi lidzafikitsa anthu kukhoti monga kudachitikira ku Texas.

Nanga wobwera ndi digiri ya kunja? Akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pano mwambiwo ukugwira mbali ziŵiri, pakuti kalumo kakuthwa kamameta bwino komanso kamacheka msanga. Mwana wa dziko lino amene wathera zaka zinai ku Johannesburg kapena zitatu ku Britain n'kuganiza zobwerera kwawo sayenera kuzunguzidwa m'maofesi chifukwa choti dzina la ntchito yake n'lachilendo; munthu wotere akatopa amakwera basi kubwerera kumene adachokera, ndipo wotayapo ndi wodwala. Koma asangoloŵanso chiloŵereloŵere. Afunsidwe zimene America imafunsa: sukulu yake itumize yokha zikalata, ndipo bungwe la kumene ankagwira ntchito lichitire umboni kuti sadathaŵe mlandu. Kenaka agwire ntchito miyezi ingapo pachipatala chachikulu moyang'aniridwa, pakuti amene adaphunzirira pa mapazi ovala nsapato chibadwire angathe kukhala asanaonepo khate, matekenya kapena bala la njoka la masiku anai, ndipo sadazoloŵere kugamula za chilonda pamene makina ojambula njira za magazi ali kutali ulendo wa tsiku lathunthu. Alendo obwera kudzathandiza kwa milungu iŵiri nawonso adzere khomo lomwelo. Mtima wabwino si chiphaso, ndipo n'kosayenera kuti munthu achite pamwendo wa Mmalaŵi opaleshoni imene lamulo la kwawo limamletsa.

Ena adzati chiphaso cha makwerero ndi njira yopatsira amphaŵi chithandizo cha theka, pamene olemera akukwera ndege kukaonana ndi uja wa zaka 11. Mau ameneŵa si opanda pake. Pali ngozi yeniyeni yakuti khwerero loyamba likhale lomaliza, boma n'kukhutira ndi zotsika mtengo. Palinso yakuti wa khwerero loyamba, ali yekha kutali ndi womyang'anira, ayambe kudziona ngati katswiri wa opaleshoni. Mankhwala a zimenezi si kugwetsa makwerero, koma kuŵasiya otseguka kumwamba kuti wakhama akwere, ndi kuonetsetsa kuti chiphaso chikutha mphamvu ngati mwini wake sadaonekere kwa oyesa pa nthaŵi yake. Bungwe lopereka ziphaso likapanda galimoto ndi mafuta oyendera zipatala limasanduka golosale ya mapepala. Ndipo poyerekeza pafunika kunena zoona: mai wa ku Nsanje kapena ku Chitipa sakusankha pakati pa namwino wophunzitsidwa ndi katswiri wa ku New York. Akusankha pakati pa namwinoyo ndi lumo la mdzukulu wake.

Dongosolo lotere lidzayesedwa m'maŵa wa tsiku la kiliniki ya shuga, pamene odwala akhala pabenchi ndi timabuku tawo m'manja. Akapimidwa magazi, n'kulandira mapiritsi, n'kubwerera kwawo nsapato zili chivalire, ndiye kuti chiŵalo chimene chili pangozi yaikulu chachoka chosaonedwa. Kupima mapazi aŵiri ndi kaulusi kumatenga mphindi zoŵerengeka chabe, ndipo malangizo a akatswiri amati wodwala shuga aliyense apimidwe mapazi kamodzi pachaka, pamene amene dzanzi lidamyamba kale, kapena adakhalapo ndi chilonda, azipimidwa pafupipafupi. Kaundula wa khwerero loyamba akadzalembedwa, ayambire pomwepo: pachipatala chilichonse chimene chili ndi kiliniki ya shuga pakhale munthu mmodzi wodziŵika dzina, wokhala ndi chiphaso chake, kaulusi kake ndi buku lolembamo zimene waona, amene ntchito yake ndi youza odwalawo mmodzimmodzi kuti avule nsapato.